Mpweya wa Yohane

Ndinatsika sitima pa Mbamba Bay kuchokera ku Likoma ndilibe pogwira, Angelezi akadalamulira Tanganyika. Amalume anandipereka kwa Mzee Ndunguru, mwini khoka, ndipo anandipatsa ntchito yogwira chingwe. Khoka likakodwa m'miyala pansi pa nyanja, munthu mmodzi ankamira kukalimasula atamangidwa chingwe m'chiuno. Wina ankatsala m'bwato atagwira nsonga yake.

"Iye akamira, nawenso usapume," anatero Mzee. "Chifuwa chikakuotcha, koka. Usafunse munthu."

Womira wathu anali Yohane, mnyamata wamsinkhu wanga. Sindinaonenso munthu wotere! Ankatsika mpaka mapazi ake oyera kuzimirira, ife n'kumangoyang'anana. Koma anali atayamba kusuta chamba, chimene kumeneko amati bangi. Ankati chimazimitsa moto wa m'chifuwa.

Tsiku lina khoka linakodwa kufupi ndi Kihagara. Yohane anamanga chingwe maso ali psuu, nandiloza chala.

"Iwe wa ku Likoma, ukandikoka ndisanagwedeze chingwe, tikaonana kumtunda."

Anamira, ine ndinasiya kupuma. Chifuwa chinayamba kutentha, makutu kulira, koma chingwe chili zii. Ndinkamuopa Yohane, sindikubisa. Komabe mpweya wanga utatha ndinakoka, ndikukuwa kuti anzanga andithandize. Anatuluka ali lobodo, milomo itatuwa. Mzee anamugoneka chafufumimba m'bwato n'kumamufinya nthiti mpaka madzi anakhuthuka m'kamwa. Yohane atatsegula maso anaseka.

"Mwandisokonezeranji? Ndangofika kumene."

Munthu anali pakhomo pa imfa, iye osadziwa n'komwe. Pamenepo ndinazizwa ndi mmene tinapangidwira: ululu uja wa m'chifuwa, umene Yohane ankauzimitsa ndi utsi, ndi umene umabweza munthu pamwamba pa madzi.

Kusuta sanasiye. Anayamba kutsokomola, kuwonda, kenako kuyankhula yekha, akuti pansi pa madzi pali anthu akumuitana. Amayi ake anamutengera kumapiri a ku Mpepo, kutali ndi nyanja. Nditapita kukamuona, ndinapeza akukana kusukusula. Yohane yemwe uja, kuopa madzi a m'beseni! Ndinalira njira yonse yotsetsereka.

Chingwe ndinagwira zaka zambiri pambuyo pake, ndipo womira wonunkha bangi sindinamulolenso kutsika m'bwato langa. Tsopano ndakalamba, nyanja ndinaisiya. Koma ndikaona mnyamata akuyatsa ndudu ya chamba kuseri kwa msika, ndimangozindikira kuti ndasiya kupuma.