Ndodo Ikakwera, Mwini Wake Satsala

Aneba anga, madala osoka nsapato, adapuwala mwendo wamanzere. A maminibasi sawafuna, akuti amachedwa kukwera. Ndiye madala ali ndi nzeru yawo: minibasi ikaima kuti itsitse munthu, amaponyamo kaye ndodo yawo, kenako n'kumadzikoka pang'onopang'ono. "Ndodo ikakwera, mwini wake satsala," amatero.

Lachiwiri lapitali, madala akupita kuchipatala kukatenga mankhwala, dalaivala wina adangonyamuka, ndodo ili m'kati. Madala adatsala atakumbatira pholo lamagetsi, osatekeseka n'komwe. Amayi a m'minibasimo adakuwa mpaka dalaivalayo adabwerera chafutambuyo.

Kondakitala adatsika ndi manyazi, ndodo ili m'manja. "Pepani madala, nayi ndodo yanu."

"Ibwezere momwemo, mwana wanga," adatero madala. "Imeneyo yapeza kale mpando. Unyamule ineyo."