Nkhono ya Ababa ndi Difu ya Liwiro

Ndikukumbukira pikiapu ya ababa ngati kuti ndatsikamo m'mawa womwe uno. Inali yobiriwira, ngakhale kuti kubiriwirako kunatsalira pazitseko pokha, kwina konse dzimbiri litadya. M'kati munkanunkha oyilo, simenti ndi makoko a malalanje amene ababa ankaponya pansi pa mpando, ati kuthamangitsa mphemvu. Mphemvuzo zinkanenepa nawo makokowo. Tinkakhala ku Chinyonga, ndipo kumeneko aliyense, ndi ana omwe, ankaidziwa galimotoyo ndi dzina loti Nkhono.

Dzinalo silinali lonamizira. Pamsewu waukulu wochokera ku Limbe kupita m'tauni, Nkhono ikafika pamapeto pa liwiro lake injini inkalira ngati chigayo chopanda chimanga, chiwongolero chili njenjenje, koma maminibasi akutidutsa ngati taima. Makondakitala ankatulutsa mitu pawindo n'kukuwa kuti, "Madala, tsikani muzingoikankha!" Ababa ankangokweza dzanja ngati apatsidwa moni.

Ulemu wa Nkhono unali pachitunda. Ababa ankanyamula njerwa, mchenga ndi miyala, ndipo anthu omanga nyumba kumtunda kwa Nkolokosa, kumene msewu unkangokhala dzina, ankafuna ababa, a Zuze, basi. Iwo anali a ku Nsanje, obadwira m'chigwa mosalala ngati mphasa, choncho ankaseka okha kuti Mulungu anawatengera ku Blantyre kudzadyera mapiri. Nkhono inkakwera ndi njerwa zodzaza pamene magalimoto atsopano ankabwerera panjira. Nsapato zanga, yunifolomu yanga ndi ndiwo za pakhomo pathu zinkachokera m'zitunda zimenezo. Koma ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo chimene ndinkaona chinali geti ya sukulu.

Sukulu yathu inali chakufupi ndi Sunnyside, ndipo anzanga ambiri ankabwera pa magalimoto osamveka kulira. Ife tinkamveka tili kutali. Tsiku lina mtsikana wina wa m'kalasi mwathu anandifunsa pagulu, mwaulemu ndithu, kuti, "Felesiya, kodi kwanu mumanyamuka dzulo kuti mufike lero?" Onse anafa nalo phwete, ine ndinaseka nawo.

M'mawa mwake, titafika pamtengo wa jakaranda umene unali patali ndithu ndi geti, ndinati, "Ababa, munditsitsire apa, ndiyenda pansi." Anandiyang'ana kamodzi, n'kuimitsa. Chitseko cha mbali yanga chinkafuna kuchimenya kuti chitseguke, ndiye anatambasula dzanja n'kuchimenya monga mwa masiku onse. Kuyambira tsiku limenelo ankaima okha pamtengowo osadikira kuti ndinene.

Patapita masabata awiri, Loweruka, kunabwera amalume a Binoni, mlongo wawo wa amayi, amene anali makaniko ku Limbe. Anabwera ndi chitsulo chakuda, cholemera, chokulungidwa m'thumba la simenti. Imeneyo inali difu, magiya amene amakhala pakati pa matayala a kumbuyo, amene amalandira mphamvu yochokera ku injini n'kuigawira matayalawo. Amalume anali ataizula pa galimoto ina yaing'ono imene inafera ku galaja kwawo, ndipo kwa chaka chonse anali akuwanyengerera alamu awo kuti aike imeneyo, ababa akukana. Tsopano ababa anali atavomera.

Asanamasule kalikonse, ababa anandipempha choko cha m'chikwama changa. Anakweza matayala onse a kumbuyo ndi jeke, n'kulemba kamzere pa tayala ndi kena pa shafiti, chitsulo chachitali chodutsa kunsi kwa galimoto. Ine ndinagona chafufumimba pa katoni, iwo akuzunguza tayala la uku, amalume la uko. "Werenga," anatero ababa. Tayala litazungulira kamodzi, kamzere ka pa shafiti kanali katadutsa kasanu. Madzulo, difu yatsopano italowa, tinawerenganso, ndipo kanadutsa katatu ndi theka.

"Mwaona, alamu?" anatero amalume, akupukuta manja pa ovolosi. "Injini izizungulira pang'ono, tayala likuthamanga. Makondakitala aja azikuonerani kumsana."

"Nanga kamodzi ndi theka kaja kapita kuti?" anafunsa ababa.

"Kapita ku liwiro."

"Kanali ka chitunda kameneko," anatero ababa motsitsa, koma amalume anali atayamba kale kusamba m'manja.

Lolemba, Nkhono inali ina. Pamsewu waukulu injini inkangong'ung'udza, mphepo ikulowa pawindo mpaka kundiulutsira kolala. Tinadutsa minibasi imodzi, kenako ina, kondakitala wake kukamwa kuli yasa. Ndinakuwa ndi chimwemwe, ndikuvomera. Titafika pa jakaranda ndinati, "Pitirirani, ababa, mpaka pageti." Galimotoyo inali yadzimbiri chimodzimodzi, mtsikana uja sanaone kusintha kulikonse, koma ine ndinatsika ngati mwana wa nduna.

Loweruka lotsatira ndinakakamira kupita nawo kukatula njerwa kwa mayi Nachisale, amene ankamanga kumtunda kwenikweni kwa Nkolokosa. Kumwamba kunali kutachita mdima wa mvula, amisiri akudikira, matope atakanda kale. Chitunda chakecho Nkhono inkachidziwa ngati khonde la kwawo. Ababa anaika giya wani. Galimoto inakwera pang'ono, n'kuyamba kutsokomola, kenako inazima pakati penipeni. Analiza, anayesanso, ndipo m'kati munadzaza fungo la kilatchi yopserera, fungo lofanana ndi la tsitsi lowauka. Tinayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, azibambo ena akuthamanga ndi miyala kudzatchinga matayala.

Ababa anatsika, anayang'ana chitunda, anayang'ana njerwa. Kenako anachita chimene madalaivala akale okha ankachidziwa, choti livesi ndiye giya yamphamvu kuposa zonse. Anatsitsa theka la njerwa m'mbali mwa msewu, anatembenuza galimoto pabwalo la nyumba ina, n'kuyamba kukwera chambuyo, khosi atatulutsa pawindo, misempha ili tototo. Ana a m'deralo anatiperekeza akuimba kuti Nkhono yazungulira mutu. Tinakwera choncho kawiri, ndipo pofika ndi njerwa zomaliza mvula inali itayamba, amisiri atabisala.

Mayi Nachisale sanakalipe. Anangoti, "Bambo Zuze, galimoto yanu yakalamba tsopano, muipumitse." Mawu amenewo anayenda m'zitunda monse mofulumira kuposa difu iliyonse. Sabata yotsatira njerwa za mayiwo zinanyamulidwa ndi lole. Ababa ankandisiya pageti m'mawa, n'kukaima pamalo pawo ku Limbe tsiku lonse, n'kubwera madzulo kumbuyo kwa pikiapu kuli mbee, popanda ndi fumbi la njerwa lomwe. Ntchito ya m'misewu yosalala inali ndi eni ake. Pakhomo nyama inasowa, kenako shuga, ndipo amayi anayamba kukazinga zitumbuwa zokagulitsa kumsewu.

Tsiku lina amayi anandituma mazira m'khola la nkhuku. Pakona, pansi pa lata, ndinapeza thumba la simenti lonona oyilo. Nditafunyulula ndinaona difu yakale ija, yopukutidwa bwino, mano ake opakidwa girizi. Ine ndinkayesa kuti amalume anaitenga kalekale. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, nkhuku zikundijompha zala, ndipo ndinazindikira zimene mwana aliyense wanzeru akadazindikira kale: ntchito yobwezera inali ya Loweruka limodzi lokha, koma masabata anayi anali atadutsa.

Ndinawapeza ababa akutsuka galasi la kutsogolo ndi nyuzipepala. Ndinati, "Ababa, difu ija ili m'khola. Bwanji osaibwezera?"

Anapitiriza kupukuta. "Ukufuna ndibwezere?"

"Eya."

"Makondakitala ayambiranso. Ndi anzako omwe."

"Ayambirenso."

Anapinda nyuzipepala ija bwinobwino ngati adzaiwerenganso. "Ndimadikira iwe, mwananga," anatero. Ndinalira mpaka amayi anatuluka ndi chipande m'manja, kuganiza kuti ndalumidwa ndi china chake m'khola.

Loweruka difu yakale inabwezeredwa, ndipo kamzere ka choko kanadutsa kasanu. Ababa anapita okha kwa mayi Nachisale kukapempha kuti anyamule mchenga ulendo umodzi, ndipo Nkhono inakwera chakutsogolo, ikulira ngati chigayo, osaima. Ntchito inabwerera pang'onopang'ono, monga mwa dzina la galimotoyo. Lolemba tinadutsa jakaranda tonse tikuyang'ana kutsogolo.

Pano ababa anatisiya kalekale, ndipo Nkhono inapita kwa ogula zitsulo. Kumtunda kwa Nkolokosa kwadzaza nyumba, zina mwa izo njerwa zake ndinazikhalira pamwamba. Magalimoto a masiku ano amasintha magiya okha, ndipo ndikukayika ngati anzanga a kuofesi akudziwa kuti kunsi kwa galimoto kuli difu. Choseketsa n'chakuti pamsewu waukulu uja, nthawi ya m'mawa, tonse timayenda pa liwiro la Nkhono, wa galimoto yatsopano ndi wa yakale yemwe.

Yanga ndi kagalimoto kakale, kogula kwa munthu, ndipo chitseko chimodzi chimafuna kuchimenya. Mwezi watha, tikuyandikira sukulu, mwana wanga Chisomo anati, "Mami, munditsitsire apa, ndiyenda pansi." Ndinaimitsa, ndinatambasula dzanja n'kumutsegulira. Atapita ndinakhala pamenepo injini ikulira, manja ali pachiwongolero, ndipo m'pamene ndinadziwa kulemera kwa katundu amene ababa anakwera naye m'mawa uja wa pa jakaranda popanda kutsokomola.