Wilibala ya Munthu Mmodzi

Kamakinako kanali kakuda, kukula kwake ngati sopo wochapira amene wagwirako kale ntchito sabata imodzi. Pakati panali galasi, uku ndi uku timitu tiwiri tokankha ndi zala zazikulu. Ukakaseweretsa nthawi yaitali kankatentha m'manja, ndipo fungo la fodya wa malume silinkachokamo. Anakabweretsa kwathu ku Chinengundu m'chilimwe, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, atakakulunga m'sokosi yakale. Mpaka lero ndikaona mwana ali chiweramire pa foni m'kombi, minibasi ya kuno, ndimakumbuka kamakina kaja ndipo mtima umandiwira.

Koma ndiyambe ndi gemu yoyamba, ya pa tivi. Chaka cham'mbuyo mwake bambo anavulala kumigodi ya ku Battlefields. Mwala unawagwera padzanja lamanzere m'dzenje la golide, ndipo kuchipatala anachokako opanda chala chachikulu ndi zala zina ziwiri. Munthu amene ankalawira m'mamawa n'kubwera ali mbuu ndi dothi anasanduka wokhala pakhonde. Kulankhula anasiya. Amayi ankapita kukagulitsa tomato ndi masamba kumsewu, ine kusukulu, iwo n'kutsala akuyang'ana mpanda. Malume, mlongo wawo wa amayi, amene ankasaka golide ku Muzvezve, ndiwo anatisiyira makina olumikiza pa tivi, ati mlamu asamangokhalira kuganiza.

Gemu yake inali yopusa, ndipo ndikunena zimenezi mwachikondi. Amuna awiri a mitu ikuluikulu ankakankha wilibala imodzi kutsika phiri atasenza katundu wopanda mutu: lero mvuu yogona tulo, mawa keke ya ukwati yotalika kuposa nyumba, mkuja firiji yodzaza nkhuku zamoyo. Zowongolera zinali ziwiri, aliyense chake. Wina ankayendetsa chogwirira cha kumanzere cha wilibalayo, wina cha kumanja, ndipo mmodzi akakankha kuposa mnzake wilibala inkakhota, mvuu n'kugubuduka mpaka mumtsinje. Kwa munthu aliyense chala chimodzi chinkakwana. Bambo ankaika chowongolera pabondo n'kumakankha ndi chala chachikulu cha kumanja, ndipo ankandiposa kutali.

Ankandiposa chifukwa ntchitoyo ankaidziwa. Ali mnyamata anakankhako ngolo za miyala pansi pa mgodi, anthu awiri ngolo imodzi, monga ankachitira bambo awo amene anayenda wapansi kuchokera ku Nyasaland. Lamulo la kumeneko linali loti usanakhote, uyambe wamuuza mnzako. Ndiye Lamlungu masana, ine ndi amayi tikabwerako kutchalitchi, m'nyumba mwathu munkamveka, "Basopa! Kumanja, mayi, kumanja! Bamba!" Ankanditchula mayi chifukwa ndinatenga dzina la amayi awo, ndipo basopa ndi bamba ndi mawu a kumgodi otanthauza chenjera ndi gwira. Ine amene ndinkayankha chilichonse m'Chishona, pa wilibala ndinkakuwa m'Chichewa osazindikira n'komwe. Mvuu ikagwa bambo ankaseka mpaka kutsokomola, amayi n'kusuzumira pakhomo mthiko wa sadza, nsima ya kuno, uli m'manja. Kunja kwa gemu imeneyo sindikukumbuka kuti anasekapo chaka chimenecho.

Kenaka magetsi anayamba kusowa. Ankatha kupita masiku atatu, n'kubwera kanthawi kongowiritsira madzi, n'kupitanso. Tinkakhala awiri pamphasa zowongolera zili m'manja, maso ali pa babu, kudikira. Malume anatipeza choncho tsiku lina. Anapukusa mutu, anazula mawaya, n'kunyamula makinawo osafunsa munthu. Patapita sabata anatsika kombi ya ku Kadoma ndi sokosi ija. Anali atasinthanitsa ndi munthu wina kumeneko.

"Gemu yake ndi yomwe ija, mlamu," anatero akudzimenya pachifuwa. "Koma iyi ili ndi batire. Magetsi azipita kumene akufuna."

Malume anali munthu wabwino, ndipo ndimawakwiyirabe. Sanakhalepo pansi n'kukankha wilibala ndi munthu. Ankaonerera ali chiimire, botolo lili m'manja, ndiye zimene ankaona ndi mvuu basi. Koma mkwiyo wanga waukulu uli pa amene anapanga gemuyo, kaya ali dziko liti. Poichepetsa kuti ilowe m'thumba anasamala zinthu zambiri. Mvuu anaisunga. Kanyimbo kopusa kaja anakasunga. Njira anazifupikitsa kuti munthu amalize ulendo umodzi kombi isanadzaze, katundu anamukulitsa kuti azioneka pa kagalasi kakang'ono, anawonjezeramo ndi galu wothamangitsa wilibala. Nzeru anali nazo anthuwo, sindikana. Chimene anataya ndi munthu wachiwiri. Pagalasi panatsala mwamuna mmodzi atagwira zogwirira zonse ziwiri, ndipo wosewera ankayenera kukankha kamutu ka kumanzere ndi chala chachikulu cha kumanzere, ka kumanja ndi cha kumanja. Anthu akuluakulu anakhala pansi n'kupeza nthawi yoganizira galu, koma panalibe anaganizako kuti kwinakwake kuli munthu amene chalacho alibe.

Bambo anakalandira, anakatembenuza, n'kuyesa kamodzi. Wilibala inangozungulirazungulira pamalo amodzi mpaka mvuu inagwa. Malume anayamba kuseka, n'kusiya msanga. Bambo anakapereka kwa ine.

Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinakondwa. Kanali kanga ndekha. Sindinkadikiranso magetsi kapena Lamlungu kapena munthu. Ndinkasewera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ndinkasewera pamzere wa madzi chidebe ndikukankha ndi phazi, ndinkasewera ngakhale m'chimbudzi. Batire likatha ndinkathamangira kwa wometa wina wa mumsewu mwathu amene anali ndi jenereta. Ana anzanga ankandiunjirira mitu ikugundana, akununkha thukuta ndi maputi, chimanga chokazinga chimene ankatafuna, ndipo ine ndinkasankha woti aone ndi woti asaone. Ndinasanduka kabwana. Ndinasiyanso kukuwa posewera, poti panalibe womuuza kuti ndikukhota.

Tsiku lina bambo anabwera kudzakhala pambali panga pansi pa mango paja. Ananena chapansipansi kuti, "Gwirani kumanzere, mayi, ine ndigwire kumanja." Tinayesa. Kamakinako kanali kochepa kwa manja a anthu awiri. Mutu wawo unkanditchingira galasi, akasuntha dzuwa linkawalirapo osaoneka kanthu, iwo akakankha kankapendama m'manja mwanga. Mvuu inagwa katatu. Ndinawalanda n'kuwauza kuti akungondibwezera m'mbuyo. Anadzuka n'kubwerera pakhonde.

Amayi ankandiletsa kupita nako kusukulu, choncho m'mawa uliwonse ndinkakabisa pansi pa pilo. Lachinayi lina tinaweruka msanga chifukwa aphunzitsi sanabwere. Kunja kunkatentha moti phula linkamata kunsi kwa nsapato. Nditalowa pageti ndinamva kanyimbo kaja kakuchokera pakhonde.

Bambo anali atakamangirira pa kathabwa ndi zingwe za mphira zodula ku chubu cha njinga, kathabwako atakapanitsa pakati pa mawondo. Pa kamutu ka kumanzere anali atamatapo chitsekerero cha botolo ndi guluu wa nsapato, kuti kakule, azikakankha ndi chikhatho chimene chinawatsalira. Ndipo zinkatheka. Ndinaona ndi maso anga. Wilibala inkatsika phiri mowongoka bwinobwino, galu atatsalira kutali, iwo lilime lili panja, thukuta likudontha pathabwa. Atandiona nkhope yawo inawala.

"Taonani, mayi," anatero. "Tizisinthana. Ulendo wina inu, ulendo wina ine."

Ine ndinangoona guluu. Anali atayenderera mpaka m'mphepete mwa galasi, wachikasu, akununkha. Ndinakuwa, ndipo ndinakuwa m'Chishona kuti msewu wonse umve. Ndinati andiwonongera chinthu changa. Ndinati malume anapatsa ine, ngakhale ndinkadziwa kuti limenelo ndi bodza. Kenaka ndinanena mawu amene amandilasabe mpaka lero, akuti gemu iyi ndi ya anthu a manja awiri. Mayi woyandikana nafe, amene ankayanika zovala, anasiya beseni pansi n'kulowa m'nyumba.

Sanandimenye, ngakhale ndinkayenera chikwapu. Anazimitsa kamakinako ulendo uli pakati. Anamasula zingwe zija chimodzichimodzi ndi mano, anabenthula chitsekerero, anakanda guluu ndi chikhadabo mpaka anatha, n'kupukuta galasi ndi m'munsi mwa malaya awo. Zonsezi ine ndili chiimire, chikwama cha kusukulu chikadali kumsana, ndikufwenthera. Kenaka anandipatsa ndi manja onse awiri, lovulala lija lili pansi pa linzake, monga mwana amaperekera chinthu kwa munthu wamkulu. Sanakagwirenso. Mvula yoyamba itagwa anatsatira malume ku Muzvezve kukasefa dothi ndi dzanja limodzi, ndipo kuyambira pamenepo kunyumba ankangobwera mwa apo ndi apo.

Ndimakwiyira magetsi, ndimakwiyira malume, ndimakwiyira anthu a galu aja. Koma ndikamaliza onsewo pamatsala kamtsikana ka yunifolomu kataima pakhonde, ndipo kameneko sindikudziwa chochita nako.

Tsiku la guluu lija ndinathamangira kuseri kwa nyumba kukayesa ngati kamutu ka kumanzere kakuyendabe. Kankayenda, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Amayi atabwerako kumsewu anamva nkhaniyo kwa woyandikana nafe uja asanatule n'komwe dengu. Anandipeza pansi pa mango. Sanakweze mawu. Anandiuza kuti kathabwa kaja bambo anakapala masiku anayi, ndipo chubu anakachipempha khomo ndi khomo, munthu amene chivulalireni anali asanatulukepo pageti. Ine osakweza n'komwe maso ndinayankha kuti nanga ndinawatuma ndine? Ndinkaona ngati munthu wamkulu akulimbirana nane choseweretsa. Sindinkadziwa kuti bambo analibe nazo ntchito zakuti wilibala ikafika kumunsi kwa phiri kapena ayi. Ankangofuna kuti ndiwasiyireko malo pambali panga.