Nsonga ya Khutu

Ine ndinabadwa wakuda, kuda bii, kosati n'kukayikira. Kwathu ku Ngokwe sinali nkhani. Munthu wokhalira kutola thonje dzuwa likuswa mtengo, ndani angamufunse za khungu? Kusukulu anzanga akanditcha makala ndinkawayankha ndi chibakera, nkhani n'kuthera pomwepo. Zoti khungu likhoza kukhala mlandu ndinazidziwa nditakwatiwa ku Balaka.

Amuna anga ndi oyera, anatengera mayi awo. Koma woyera mbee anali mchemwali wawo, mlamu wanga, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Ankati kwawo kuli magazi achimwenye, ngakhale palibe ankadziwa kuti mmwenyeyo anadutsa liti m'mudzimo. Geni yake inali yokwera sitima kupita ku Nayuchi kukapikula zitenje ndi mafuta odzola a ku Mozambique, n'kumagulitsa kwa amayi a m'tauni. Duku silinkachoka kumutu kwake. Ankalimanga motsitsa mpaka kuphimba makutu, ati umenewo ndiwo ulemu wa mayi wapemphero.

Nditachira mwana wanga wamkazi, apongozi ndi mlamuyo anabwera kuchipatala. Makanda ambiri amabadwa oyererapo, ndiye apongozi atangomuona anaimba nthungululu, ati watenga kwawo. Mlamu sanapupulume. Amayi amadziwa kuti mtundu weniweni wa khanda umayambira pansonga ya khutu: nsongayo ikada, thupi lonse lidzatsatira. Anapinda khutu la mwana wanga ndi zala ziwiri, mmene timatsegulira nsomba ya kunyanja ya Chiuta poona ngati ndi yalero.

"Musataye nthungululu zanu, amayi. Onani khutu. Uyu ada ngati make."

Apongozi anandibwezera mwana m'manja. Chitenje chatsopano chimene anabweretsa kuti chikhale mbereko chinabwerera m'chikwama ine ndikuona. Ndinali ndi ululu, koma mawu amenewo ndinawamanga pamfundo ya chitenje.

Patapita zaka, apongozi atamwalira kale, mlamu anagwidwa ndi malungo aakulu. Womusambitsa panalibe, ndiye ntchito inagwera ine wakudayo. Iye ali chigonere osadziwa kanthu, ndinamasula duku lija. Nkhope mbee, khosi mbee, koma makutu akuda ngati anga, kutsogolo ndi kuseri komwe. Ndinakhala pansi ndi beseni langa. Kani mafuta a ku Nayuchi aja sankagulitsa onse.

Nditawafunsa amuna anga, anangoseka. Anati achemwali anatengera malemu bambo awo, anabadwa akuda kuposa ine, kungoti m'tauni muno anafika atayera kale, ndiye ndizisiye. Apa m'pamene ndinazindikira kuti tsiku lija kuchipatala apongozi ankadziwa, ndi amuna anga omwe ankadziwa, koma onse anandisiya ndikuchita manyazi ndi mwana wanga. Ndinamusambitsa mlamu bwinobwino, ndinamumwetsa phala, duku ndinalimanga mmene ankalimangira mwini wake. Sindinachite zimenezo chifukwa cha chifundo. Ndinkasunga chida changa kuti chisachite dzimbiri.

Mwina ndikanafa nacho chinsinsicho akanangomusiya mwana wanga. Koma mtsikanayo atalowa sekondale ndinayamba kuona zigamba zofiira m'masaya mwake, ngati wapsa ndi madzi otentha. Ndinapeza kabotolo pansi pa matiresi ake. Nditamupanikiza anaulula akulira kuti anamupatsa ndi azakhali ake. Anamuuza kuti khungu lake lenileni, la kwa bambo ake, lili pansi, ndipo kuda kuli pamwambaku n'kwa amayi ake, mafutawo akungotsuka. Chichewa chathu nacho chili ndi nkhanza. Khungu limada, malaya osachapa amada, munthu wosamufuna umamuda, mawu amodzimodzi. Mlamu anamuphunzitsa mwana wanga kuti atatuwo ndi chinthu chimodzi.

Ndinamuuza mwanayo zimene ndinaona pansi pa duku. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amayi, imeneyo ndi nsanje chabe."

Pa moyo wanga palibe mawu anandipweteka ngati amenewo. Kabotolo ndinakaponya m'chimbudzi, koma sabata isanathe ndinamva fungo lomwelo pa malaya ake a sukulu. Ndinaona kuti pakamwa panga sipangamubweze. Anafunika aone yekha ndi maso ake, khungu lisanamuthere.

Mpata unabwera wokha. Mwana wamkazi wa mlamu anachira mwana wamwamuna, ndipo tsiku lomutulutsa m'chikuta amayi tinadzaza m'nyumba. Analipo a mpingo, makasitomala ake a zitenje, ndi akuchimuna ochokera ku Machinga, anthu amene mlamu ankawadyetsa nkhani ya magazi achimwenye chiyambire chinkhoswe. Ine ndinavala chitenje changa chabwino, ndinatenga mtsikana wanga n'kumukhazika kutsogolo, pafupi ndi azakhali akewo. Mlamu anali pa mpando, mdzukulu pamiyendo, chimwemwe chodzaza tsaya. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Sindinachite kumuputa, anayamba yekha. Anapinda kakhutu ka khandalo n'kumaonetsa anthu mmodzimmodzi, ati magazi a kwawo sasochera.

Ndinadzuka ngati wofuna kuyamikira mwana. Ndinagwada mwaulemu pambali pake.

"Alamu, mwanayu ndi wokongoladi. Tione komwe watengera."

Ndinakankhira duku m'mwamba, n'kupinda khutu lake ndi zala ziwiri, mmene iye anapindira la mwana wanga. Ndinaligwira ndithu kuti aliyense akhute kuona, n'kulitembenuzira kwa mtsikana wanga.

"Onani khutu."

Mayi wina wachikulire wakuchimuna anasendera pafupi, anayang'ana khutulo, anayang'ana langa, n'kunena motsitsa kuti iyayi, awa ndi a mtundu umodzi. Kumbuyo wina anafuna kuseka koma anakusandutsa chifuwa. Mlamu anakoka duku, likukana kubwerera pamalo pake. Ine mtima unali mbee. Ndinasangalala, sindibisa, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimamva kukoma. Ndinaika mphatso yanga ya sopo pa mphasa, ndinatsanzika aliyense mwaulemu, n'kumapita.

Nkhani inawanda Balaka yense. Ena ankati ndachita nkhanza pa tsiku la chisangalalo. Eya, ndinachita, ndipo tsikulo ndinachita kulisankha. Langa lija nalonso linali la chisangalalo. Ankhoswe anabwera kudzandiuza kuti ndikapepese. Ndinawayankha kuti ndidzapepesa tsiku limene mbereko ija idzatuluke m'chikwama. Sanamve chimene ndinkatanthauza, koma amuna anga anamva, ndipo anangowerama.

Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali mtsikana wanga. Kuchokera tsiku lija sanandilankhule za nkhaniyo. Ankadya, n'kupita kusukulu, n'kubwera, n'kudzitsekera kuchipinda. Ndinayamba kuopa kuti mwina mlamu ndamugwetsa koma mwana ndamutaya. Nthawi zina ndinkamupeza ataima pagalasi, akuyang'ana zigamba zija, n'kumagwira khutu lake.

Loweruka lina m'mawa amuna anga anatulutsa njinga, ati akupita kwa achemwali awo kukaziziritsa zinthu. Ine ndinali kusesa pabwalo, sindinawaletse. Atangokwera, mtsikanayo anatuluka m'nyumba, tsitsi atalimangira kumbuyo, makutu onse ali pamtunda. M'manja anali ndi kabotolo katsopano, kosatsegula. Sanayang'ane kwa ine. Anakaika m'thumba la malaya a bambo ake.

"Ababa, mukawapatse azakhali. Mukawauze kuti kwatsala makutu."