Anati Ndi Tsempho

Mwana wanga atayamba kutupa mapazi, apongozi anga anayamba n'kuyamikira kuti wanenepa. Tinali ku Furancungo nthawi imeneyo, titathawa nkhondo kumudzi kwathu cha ku Chidzolomondo. Bambo a mwanayo anali atatengedwa ndi amfuti kukasenza katundu, miyezi isanu ndi iwiri osamva za iwo. Chakudya chathu chinali ufa woyera basi, ndi timasamba towiritsa tikapezeka.

Kenaka masaya nawo anatupa, tsitsi linafiira n'kuyamba kuthothoka, mwana osaseweranso. Apongozi anasintha mawu, anati ndi tsempho. Kwathu mwana akatupa chonchi amati wasemphedwa, kutanthauza kuti mmodzi mwa makolo ake wayenda ndi wina kumbali. Bambo ake kulibe, ndiye wotsala ndani? Anandiletsa kuthira mchere m'ndiwo, ndipo kuchitsime amayi ankadula nkhani ine ndikafika. Zinandiwawa kwambiri.

"Ulula, mwana wanga, timupezere mankhwala," ankatero apongozi.

"Ndiulule chiyani, amayi? Ndipeke?"

M'mawa wina ndinabereka mwana, ulendo wa ku posito, kachipatala ka m'deralo, osatsanzika. Anamwino anali mayi wa ku Tete, wa Chichewa chosakaniza ndi Chipwitikizi. Anadina phazi la mwanayo ndi chala, ndipo kadzenje kanatsala pomwepo. Atafunsa zomwe amadya, ndinayankha monyada kuti wanga sagona ndi njala.

"Mimba ikukhuta, mayi, koma thupi silikumangika," anatero. "Ufa uli ngati nkhuni, umangopatsa mphamvu. Zomanga mnofu ndi nyemba, nsawa, mazira, tinsomba. Pakufunikanso mafuta, chifukwa kamimba aka n'kakang'ono, ndipo mafuta pang'ono amapatsa mphamvu zambiri."

Mkaka wa ana odwala unali utatha, msewu utatsekeka. Anangondichenjeza kuti akayamba kuchira kutupa kudzaphwa, adzaoneka wowonda kuposa kale, ndisadzataye mtima.

Nyemba zinalipo kunyumba, koma zinali mbewu. Apongozi anathawa nazo atazimanga m'kansalu, kudikira tsiku lobwerera kumunda. Mbewu sadya, nanenso ndinakula ndikudziwa zimenezo. Ndinamasula kansaluko masana, iwo ali pakhonde akuona. Ndinakazinga, kusinja, kusefa, n'kuthira m'phala.

"Wafika podya mbewu? Udzabzala chiyani?"

"Ndidzabzalira ndani, amayi, mwana akapita?"

Mafuta ndinawapeza m'ngumbi. Mvula yoyamba itagwa ndinapita pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, mayi wamkulu ndi thupi langa lonse kulimbirana ndi nkhuku za eni. Ndinazikazinga, kuziyanika, n'kumasinjira tsiku ndi tsiku m'phala lomwelo. Mwana ankakana, kulavula, kupotoza mutu. Ine ndinalibe kwina kopita. Ndinkamupatsa pang'onopang'ono, kasanu pa tsiku, nthawi zina tonse awiri tikulira.

Sabata yachiwiri kutupa kunaphwa, nthiti zonse poyera. Apongozi analira kuti ndamumaliza ndi makani anga. Anthu anabwera kudzazonda, ena akulankhula monong'ona ngati zachitika kale. Sindinama, nanenso ndinaopa. Ndinadzifunsa kuti bwanji ngati anamwino aja analakwitsa, ndataya mbewu, ndataya mwana, dzina langa n'kuipiratu? Komabe phala sindinasiye kuphika.

Tsiku lina ndikumudyetsa ndinachedwa kutapa, chifukwa ndinkapirikitsa ntchentche. Mwanayo anandigwira dzanja n'kulikokera kukamwa kwake, akudandaula ngati ndamumana. Apongozi anali pomwepo. Ataona zimenezo, analowa m'nyumba. Anatuluka ndi nsawa zamakoko zodzaza chikhatho, zomwe sindinkadziwa n'komwe kuti anabisa.

"Usinje bwino, zingamutsamwe," anatero.

Pepani sanandiuzepo mpaka tsiku la imfa yawo, ndipo ndinkamudikira pepaniyo, sindibisa. Koma nsawazo ndinalandira ndi manja awiri, chifukwa zinali za mwana.