Maliro a Dziwe la Pachilumba

Ndikukumbukira chaka chimene tinakhuza maliro popanda munthu womwalira. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo tinkakhala ku Bwanje, pamudzi umene aliyense ankangoutchula kuti Pachilumba. Anthu a kunyanja akamva dzinali amaseka, poti chilumba chathu chinalibe mafunde ngakhale bwato. Unali mtunda wokwera pakati pa dambo, nyumba zowerengeka, mitengo ya mango ndi mlambe umodzi. Mvula ikagwa madzi ankatizinga mbali zonse, ana a sukulu n'kumawoloka mayunifolomu ali pamutu. Njira yolowera inali imodzi yokha, kamsewu kadothi kamene makolo athu anakweza ndi makasu.

Kuseri kwa mudzi kunali dziwe. M'dzinja palibe ankalilabadira, koma dzuwa la Okutobala likaphwetsa zithaphwi zonse, dziwelo ndilo linkatisunga. Ife atsikana tinkafukula mchenga m'mphepete mwake n'kutunga madzi akumwa, ng'ombe zinkamwera chakumunsi, abambo ankatchera miono n'kubwerako ndi milamba. Mjigo wapafupi unali kutsidya kwa msewu waukulu, ulendo woti ukanyamuka m'mawa ndi ndowa, ubwerako dzuwa lili paliwombo.

Chaka chimenecho kunabwera anthu a kampani ina ndi malole awo, komanso chimakina chachitali choboolera pansi. Anati akufufuza ngati pansi pa dambo pali mafuta, monga zinkamvekera kuti ena akufufuza pansi pa nyanja. Ife ana tinakondwa kwambiri. Tinkaganiza kuti posachedwa palafini tizichita kutunga ndi ndowa. Dzenje loyamba anaboola kumtunda kwa dambo, ndipo madzi otuwa osakanikirana ndi oyilo ankatuluka pamakinapo n'kutsata kangalande kolowera kudziwe. Sipanapite nthawi, pamwamba pa madzi panayamba kuoneka timizere tonyezimira tamitundumitundu. Milamba inayandama mimba zili m'mwamba. Tiyi wa m'mawa ankanunkha ngati galaja, ndipo mlongo wanga wamng'ono, Pio, anayamba kutsekula m'mimba.

Kenako inamveka nkhani yoti dzenje lachiwiri akufuna kuboola pafupi penipeni ndi dziwe, ndipo kuti akafike kumeneko makinawo adutsa pa kamsewu kathu. Amfumu anapita kukadandaula kwa akuluakulu, n'kubwerako ndi yankho lakuti nkhaniyo aiona. Tonse tinkadziwa kuti podzafika poiona, ife tidzakhala titaona kale zathu.

Amalume anga a Lukasi anali atangobwera kumene kuchokera kumigodi ya ku Joni, ndipo ankavala jekete lachikopa ngakhale kutenthe bwanji. Iwo anati nkhani ngati imeneyi sachita kunyengerera. Ku Joni, ankatero, munthu akakuponda umayatsa matayala pamsewu, bwana n'kubwera yekha akunjenjemera. Anasonkhanitsa anyamata n'kuwaphunzitsa kavinidwe kopondaponda pansi, fumbi koboo, ndipo anatuma ena kukafuna matayala akutha. Ine ndinkawakonda amalumewo kuposa munthu wina aliyense. Ngakhale sanandiitane, ndinatola miyala yanga yosalala n'kuimanga pamfundo ya chitenje.

Amene anawatsutsa anali azakhali anga aNangozo, mlongo wawo wamkulu wa abambo. Anali mayi wamasiye, wowonda, wosaseka pachabe. Pakagwa zovuta m'midzi yonse yozungulira dambo, woyamba kuitanidwa ankakhala iwowo. Ndiwo ankasambitsa mitembo ya akazi, kuyambitsa nyimbo m'nyumba ya siwa, ndi kuuza anamfedwa pokhala. Anawauza amalume kuti matayala akayaka apolisi abwera, atenga anyamata onse, ndipo mawa lake makina adutsa pa phulusa la matayalawo. Iwo anali ndi njira ina: tidule nthambi za mango, tiziike pamsewu, tikhale pansi.

Kwathu nthambi zaziwisi pamsewu zili ndi tanthauzo limodzi lokha, kuti pamudzi pano pali maliro. Wa galimoto amachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi, wa njinga amatsika, wa chipewa amavula. Kuziika popanda womwalira ndi malodza. Amayi anga ndi amene analimba mtima kunena zimene onse ankaganiza.

"Alamu, kuika masamba popanda maliro n'kuitana imfa pamudzi."

"Imfayo aitana kale ena," anatero azakhali. "Mwana wanuyu akutsekula m'mimba chifukwa cha masamba?"

Amalume anang'ung'udza kuti nkhondo ya azimayi n'njomvetsa chisoni, komabe anavomera kuti matayala ayambe adikira. Mumtima ndinali kumbali yawo. Ndinkaona kuti kukhala pansi ndi kugonja basi.

M'mawa wa tsiku limene malole ankabwera, nthambi zinali zitayalidwa polowera kamsewu. Azimayi anakhala pansi pamsewu pomwepo, miyendo atatambasula, mipango kumutu, zitenje kumapewa. Azibambo anakhala paokha pansi pa mlambe, monga zimakhalira pamaliro. Pakati pa azimayi panali lichero la milamba yakufa, lofunditsidwa nsalu yoyera. Azakhali anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi imene timayimba poperekeza munthu, ndipo ngakhale ndinkadziwa kuti m'licheromo muli nsomba, tsitsi linandinyerenyetsa. Azimayi ena analira misozi yeniyeni, kaya ankalira dziwe, kaya ankakumbukira awo amene anapita kale.

Malole anatulukira fumbi lili tolo. Dalaivala wa kutsogolo ataona masamba anachepetsa liwiro, n'kuima, n'kuzimitsa injini. Palibe anamuuza. Kapitawo wawo anatsika, bambo wojintcha wa imvi m'mbali mwa makutu, ndipo anavula chipewa chake cholimba n'kubwera manja ali kumbuyo. Malankhulidwe ake anali a kumtunda, cha ku Nzama. Anayamba wakhala kwa azibambo, iwo n'kumulozera kwa azakhali. Ananjuta patsogolo pawo.

"Pepani, amayi. Watisiya ndani?"

"Dziwe lathu, bambo. Silinadwale nthawi yaitali."

Azakhali anavundukula nsalu ija pang'ono kuti mlendoyo aone. Fungo la nsomba zowola linatuluka, ntchentche n'kubalalika. Nkhope ya kapitawoyo inasonyeza kuti wazindikira msampha umene wagweramo, koma akanatani? Munthu wobwera kudzapepesa maliro sanyamuka nthawi yomweyo ngati wakhalira moto. Anakhala pansi, pafumbi, ndi buluku lake lakuntchito.

Pamenepo azakhali anandiyang'ana. "Terezia, alendo ayenda padzuwa. Apatse madzi."

Ndinapita pamtsuko umene tinatunga m'mawa womwewo, n'kudzaza kapu yachitsulo. Timizere tija tinkazungulira pamwamba pake. Ndinagwada, miyala ija ikundikanda pantchafu, n'kupereka ndi manja awiri. Ndinkafunitsitsa kuti akane. Ndinali nditakonza kale mumtima mmene tidzamukuwizire, kuti taonani, iye akukana madzi amene ife tikumwa. Anayang'ana m'kapumo nthawi yaitali. Kenako anainyamula n'kumwa, osati kungolawa, anamwa mpaka pakati. Ndinaona pakhosi pake pakuvutika kumeza. Anandibwezera kapuyo ndi manja awiri n'kunena kuti zikomo mwanawe, maso ali jenjenje ndi misozi ya dizilo.

Ndinamumvera chisoni, ndipo chisonicho chinandikwiyitsa. Ndinali nditabwera kudzagenda mdani, koma munthu amene anali patsogolo panga ankafanana ndi abambo anga akamachokera kumunda.

Anadikira nyimbo ina ithe, n'kutsanzika bwinobwino. Tinamuona ataima patali akulankhula pafoni, dzanja lina likuloza kwa ife, ndipo zinkaoneka kuti wa mbali inayo sakumva za masamba. Pamapeto pake malole analiza injini. Pa kamsewupo panalibe potembenukira, choncho anabwerera chambuyo pang'onopang'ono mpaka kumsewu waukulu. Anyamata a amalume anafuna kuyamba kuvina, azimayi ena atatsegula kale pakamwa kuti alulutire, koma azakhali anangokweza dzanja. Anati pamaliro salulutira.

Malolewo anabweranso masiku otsatira, n'kupeza masamba atsopano ndi anthu ali pansi, ndipo palibe dalaivala amene analola kuponda. Mvula yoyamba itagwa dambo linadzaza, makina aja anawasamutsa, osabweranso. Mpaka lero sindidziwa ngati anathawa ife kapena anangopeza kuti pansipo palibe chimene ankafuna. Amalume a Lukasi, amene pano ndi nkhalamba koma jekete lija akadali nalo, amalumbira kuti kampaniyo inamva mbiri ya matayala awo. Madzi a mvula anatsuka dziwe, Pio anachira, milamba inabwerera.

Koma pa tsiku loyamba lija panachitika chinthu china chimene ife ana tinangochiseka. Chakumasana kunafika anthu a mudzi wa tsidya lina, amene timaikirana nawo maliro kuyambira kalekale. Wina anali atawauza kuti Pachilumba pali masamba. Anasiya ntchito zawo, azimayi atasenza ufa ndi nkhuni, ena akulira mokweza kuchokera kumsewu. Atafika anapeza lichero la nsomba. Azakhali anawafotokozera ndi kuwapepesa atagwada, koma anthuwo anabwerera ndi ufa wawo nkhope zili zii. Mkulu wina wa kumeneko, ponyamuka, anati tikadawauza chilungamo akadabwera kudzakhala nafe pamsewu, koma tawasandutsa zidole. Anamaliza ndi mawu akuti walira mvula walira matope.

Matopewo anafika patapita zaka zochepa. Azakhali anadwala chifuwa, ndipo anatisiya m'nyengo yotentha ngati yomwe ija. Nthambi za mango tinadula ine ndi Pio, tinakaziika pamalo omwe aja, ine n'kutsalira pamsewupo kuti ndizilondolera anthu. Njinga yoyamba, yonyamula matumba a mpunga, inazemba masambawo osatsika. Yachiwiri chimodzimodzi. Mnyamata wina wa kabaza anachita kutembenuka akupalasa n'kundifunsa akuseka kuti lero tikulira chiyani, achule kapena nkhanu.

Ndinakhala pansi pambali pa masambawo n'kulira mpaka mawu anasasa.

Anthu a tsidya lina, amene mwa mwambo ndiwo amakumba manda athu, anamva uthenga koma anayamba atuma munthu kuti adzaone ndi maso. Podzafika ndi makasu dzuwa linali litakwera, ndipo manda anakumbidwa masana, dothi lili gwaa. Anthu anabwera ndithu, sindinganame, koma anabwera mochedwa ndiponso modukizadukiza. Mayi amene anasambitsa akufa a midzi yonseyo, amene sankadikira kuitanidwa kawiri, anagona m'nyumba ya siwa theka la tsiku ndi ife a pabanja tokha. Nyimbo yoyamba anayambitsa amayi anga, poti woyambitsa nyimbo ndiye anali atagonayo.

Kwa zaka zambiri ndinawasungira mkwiyo anthu amenewo. Ndinkati ndi osayamika, popeza nawonso ng'ombe zawo zimamwa dziwe lomwelo. Ndakula tsopano, ndipo mkwiyowo unatha. Iwo sanalakwe. Tinatenga chizindikiro chimene aliyense ankachikhulupirira osafunsa, n'kuchigwiritsa ntchito ina. Chinaimitsa malole chifukwa chakuti chinali chisananamepo, ndipo titachigwiritsa ntchito sichinakhalenso chimodzimodzi.

Chimene chinanditengera nthawi kumvetsa n'chakuti azakhali ankadziwa zimenezi. Panalibe munthu m'dambo monsemo wodziwa kulemera kwa masamba pamsewu kuposa iwo. Amalume akadayatsa matayala, akadawotcha zinthu zotayidwa kale. Azakhali anaika pamsewu chinthu chokhacho chimene anali nacho, ulemu umene anthu ankawapatsa pa nkhani ya maliro, ndipo anadziwa kuti sudzabwerera wonse.

Masiku ano ndimamva pawailesi za anthu a pazilumba za kunyanja amene akukana zoti pansi pa madzi awo pabooledwe mafuta. Achinyamata amakangana kuti njira yabwino ndi iti, kuyenda ndi zikwangwani, kutchinga ndi mabwato, kapena kupita kukhoti. Ine sindidziwa yankho lake. Ndimangodziwa kuti njira imene imaimitsadi makina imadya chinthu cha mwini wake, ndipo ndi bwino kudziwiratu kuti chinthucho n'chiyani ndiponso adzachisowe ndani.

Ndikapita kumudzi ndimamwa madzi a dziwe lija, ozizira, onunkhira dothi. Ndipo kulikonse kumene ndingayende, ndikaona nthambi zaziwisi pamsewu ndimatsika njinga. Sindifunsa ngati maliro ake ndi enieni.