Bambo Anabwerera pa Kamlatho

Ndikukumbukira fungo la mtovu wosungunuka kuposa mmene ndimakumbukirira nkhope za anzanga a ku pulayimale. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ntchito yanga ndikaweruka kusukulu inali kukupiza mbaula pakhonde la golosale ina pa Msakambewa, pomwe bambo anga ankakonzera mawailesi. Magetsi kunalibe. Chitsulo chawo chowotcherera mawaya chinali chonenepa ngati chala chachikulu, ndipo ankachiika pamakala mpaka nsonga itafiira. Akachichotsa pamoto ankachiyandikiza kutsaya kuti amve kutentha kwake, kenako n'kukhudza pamalo amodzi basi. Wailesi yomwe inabwera ili duu inkayamba kuimba.

Anthu ankachokera kutali, ena kuseri kwa mapiri a Ntchisi, wailesi ataikulunga m'chitenje pakaliyala wa njinga. Bambo sankakonda zolankhulalankhula, koma dzina lawo ankalikonda, ndipo sindikuwaimba mlandu. Munda wathu unali waung'ono ndi wamiyala. Dzinalo ndiye linali munda wathu weniweni.

Kenako kunabwera mafoni. Poyamba anali a aphunzitsi ndi ogula fodya okha, koma posakhalitsa ngakhale ogulitsa zitumbuwa anali nawo, ndipo nyimbo ndi nkhani ankamvera momwemo. Mawailesi anayamba kubwera mwa apo ndi apo. Masiku ena ndinkakupiza moto mpaka makala kusanduka phulusa chitsulo chisanagwire ntchito.

Nthawi yomweyo Yohane anabwerako ku Lilongwe. Yohane anali mwana wamasiye amene bambo anamuphunzitsa ntchito kuyambira asanamere ndevu. Anayala tebulo lake kutsidya kwa kamtsinje, kumsika watsopano, ali ndi sola, batire ndi kachitsulo kowonda ngati singano. Anali waulemu. Tsiku lina anabwera, navula chipewa, n'kunjuta pafupi ndi mbaula.

"Bambo, mafoniwa si ovuta. Inu ndi manja anuwo, mwezi sungathe musanandipose. Muzibwera ndizikuwonetsani."

"Iwe Yohane," anatero bambo osadzutsa mutu, "sikuludiraiva anakugwiritsa ndani?"

Yohane anaseka mwamanyazi, natsanzika. Anyamata ena omwe ankasewera bawo pakhondepo anayamba kunong'onezana zoti tsobola wakale sawawa. Bambo anamva, ineyo ndinawona khutu lawo likugwedera.

Patapita milungu ingapo kunabwera mayi Nabanda, mayi wamasiye wa m'mudzi mwathu. Anamasula mfundo ya chitenje natulutsa foni yomwe mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Joni. Inali itasiya kulowa moto. Mwanayo ankaimba Lamulungu lililonse, ndipo tsopano masabata awiri anali atadutsa mayiwo osamva mawu ake. Anati kwa anyamata a kumsika sangapiteko, amakhulupirira bambo. Ndinayembekeza kuti bambo akana. Anailandira ndi manja awiri.

Mayiwo atachoka, bambo anaitsegula. M'katimo munali tinthu ting'onoting'ono ngati mbewu za fodya, moti anachita kutsinzina diso limodzi. Anandiuza kuti ndikupize moto. Chitsulo chitafiira anachiyandikiza kutsaya monga mwa nthawi zonse, n'kuchitsitsa mosamala. Kunamveka kafungo ka pulasitiki, ndipo tinthu tija tinasungunukira pamodzi. Bambo anaika chitsulo pansi n'kundipatsa foni ija.

"Esinati, pita nayo kwa Yohane. Ukanene kuti anaiwononga ndi munthu wina."

Yohane anaiyang'ana pansi pa galasi lokulitsa zinthu. Sanandifunse kuti munthu winayo ndani. Dontho la mtovu lomwe linali m'katimo analidziwa, pakuti dzanja lomwe linaliika ndi lomwe linamulera. Anandiuza kuti vuto loyamba linali fumbi chabe polowera tchaja, loti akanalichotsa ndi kaburashi, koma tsopano foniyo inali itafa.

"Ukawauze bambo abwere Lamulungu masana," anatero motsitsa mawu. "Kumsika kuno kumakhala kulibe anthu. Palibe amene adzatiwone."

Uthengawo ndinakaupereka. Lamulungu titabwerako kutchalitchi bambo sanavule jekete. Anatenga kachikwama ka zida zawo nandiuza kuti ndiwaperekeze. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Tinatsetsereka m'njira ya m'minda, chimanga chitauma, mphepo ya m'mapiri ikuwomba mapesi. Titafika pa kamlatho ka mitengo tinamuwona Yohane patali, atakhala patebulo lake, pambali pake ataika mpando wachiwiri.

Bambo anaima. Anaponda mtengo woyamba ndi phazi limodzi, n'kulibweza. Anayang'ana madzi, anayang'ana mpando uja, kenako anasamutsira kachikwama kudzanja lina.

"Kwazizira," anatero. "Tiye kunyumba."

Dzuwa linali likuswa mtengo. Ndinawatsatira pambuyo ndikulira mosatulutsa mawu, ndipo iwo sanacheuke.

Madzulo ake ananyamula wailesi yathu ya m'nyumba, yabwino kuposa zonse zomwe anakonzapo, kukapepesa kwa mayi Nabanda. Mayiwo sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Nanga mwana wanga azilankhulira m'menemu?" Nkhani inawanda mudzi wonse, ndipo ngakhale eni mawailesi ochepa otsala aja anasiya kubwera. Mvula isanagwe, bambo anapita kukakhala tenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Bowe. Atabwerako patapita zaka, zala zawo zinali zong'aluka ndi zonjenjemera, zosatha ngakhale kulowetsa ulusi pasingano. Anamwalira asanagwirenso chitsulo chija.

Kwa nthawi yaitali ndinkati mafoni ndi amene anatilanda chakudya pakamwa. Lero sinditero. Bambo nzeru anali nazo, manja anali nawo, mphunzitsi anali naye, mpando unali utaikidwa kale. Luso limodzi lokha ndi limene analibe, lokhala pansi pamaso pa mwana n'kunena kuti, "Apa sindikudziwa, ndiwonetse." Ankadziwa bwino kuti safunsa anadya phula, mwambiwo ankatiuza ife ana. Kungoti palibe anawauzapo kuti umakhudzanso akuluakulu.

Panopa ndimagwira ntchito yosunga mbiri za odwala pa ofesi ina pa Dowa Boma. Ndinayamba ndi mafayilo a mapepala, kenako kunabwera kompyuta, ndipo ndisanaizolowere bwino anasintha zonse za m'katimo. Chaka chino abweretsanso zina, zoti makina azichita okha theka la ntchito yomwe ndinkanyadira. Amene amazidziwa ndi mtsikana wongochoka kumene kukoleji, yemwe amanditchula kuti anti. Nthawi zonse ndikafuna kumufunsa kanthu, ndimamva mawu a bambo m'kamwa mwanga akufuna kunena kuti kwazizira.

Ndimadzuka ndithu, n'kukoka mpando kukakhala pambali pake. Si kuti ndine wolimba mtima kuposa bambo anga. Kungoti ine ndinayenda nawo ulendo wobwerera uja, ndipo ndikudziwa kumene njira imeneyo imakathera.